Tsaya Lamanzere la Amayi a Saluni

Chidwalireni sitiroko, amayi a saluni anazolowera zambiri. Anazolowera kumanga mpango ndi dzanja limodzi mothandizana ndi mano. Anazolowera kumwa tiyi atapendeketsa mutu kuti asadzitayire pamalaya. Anazolowera ngakhale alendo aja obwera ndi nkhope za pamaliro munthu uli moyo, ukupuma, ukuwamva bwinobwino akunong'onezana kuti, “Ndiye zawasinthatu.” Chimodzi chokha n'chomwe chinakana kutsika pakhosi: mwana wawo anasiya kuwayang'ana kumaso.

Ndipo mwana wake uti? Yemwe uja wojambula zithunzi, amene ntchito yake kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa ndi kuyang'ana nkhope za anthu. Ali wakhanda ankamuyang'ana munthu dwii, osaphethira, mpaka makasitomala a pasaluni ankachita kudandaula kuti, “Mutembenuzeni mwanayu, akundiwerenga machimo.” Koma tsopano akalowa kuchipinda kwa amayi ake ndi beseni la madzi, ankalankhula ndi pilo. Akamawapatsa mankhwala ankayang'ana kapu. Tsiku loti wayesetsa, maso ake ankakwera mpaka pakhutu lamanja n'kuima pomwepo, osapitirira.

Kusamala kokha ankasamala, tisamunamizire. Ankawasambitsa, kuwawenga zikhadabo, kupita nawo ku mafizo kukawongola ziwalo, kuwasisita mkono wakufawo ndi mafuta mpaka zala zake kuwawa. Azimayi oyandikana nawo ankamuyamikira, amvekere, “Inu ndiye muli ndi mwana.” Amayi ankavomera, chifukwa zinali zoona. Nanga akanadandaula kuti chiyani? Kuti mwana wanga amandichitira zonse koma sandiyang'ana? Anthu akanati matenda akwera kumutu. Choncho ankangosunga mumtima, ndipo zinkawapweteka kuposa mwendo umene unkakhwekhwereza pansi.

Pajatu iwo sanali munthu woyang'anidwa m'mbali. Zaka zonse zimene anayendetsa saluni, munthu akakhala pampando ankayang'anana nawo m'galasi n'kuwakhuthulira zonse: za mwamuna, za apongozi, za mimba imene sanaiulule kwa aliyense. Kenako m'mawa wina anagwa ali pakati poluka tsitsi la mkwatibwi, chipeso chili m'manja. Potuluka m'chipatala, mbali yamanzere inali itawathawa. Pakamwa panakokekera pansi, chikope chinalekerera, ndipo diso la mbali imeneyo linkagwetsa misozi palokha, kaya akondwe kaya akwiye. Mawu anabwerera, koma ankatuluka mokoka. Saluni anasiyira ena. Chomwe anabwera nacho kunyumba ndi mpando umodzi wozungulira uja, wopopa ndi phazi kuti ukwere, ndipo mwana wawo anakauika m'galaja.

M'galajamo ndi momwe munayambira chipwirikiti chaka chimenecho. Mwanayo ndi anzake ojambula anapatsidwa holo yoti achitiremo chionetsero, ndipo iye anasankha ntchito imene amayi ake poyamba anaitcha misala. Anali ndi chibuku cholemera, chodzaza ndi zithunzi zotchuka zimene akatswiri akale anajambula ndi penti ndi burashi, kamera isanabwere. Ankasankha chimodzi, n'kusaka munthu wamba wa mumsewu wawo, kumuveka, kumukhazika monga momwe akhalira wa m'bukuyo, kuwala kwake komweko, mpaka kapindidwe ka chala, kenako n'kumujambula ndi kamera.

Msewu wonse unalowa m'bukumo. Bambo wowotcherera wa pakona anasanduka mkulu wa asilikali wokwera hatchi, lupanga lili m'manja. Hatchiyo inali benchi yake yachitsulo yofundidwa bulangete, ndipo chinsalu chouluka kumsana chinali katani ya pabalaza imene ankaikupiza ndi katoni. Mayi wogulitsa masamba anakhala mfumukazi, atavala kolala ya mapepala opindapinda imene inamuyabwa khosi mpaka mfumukaziyo kuyamba kutukwana. Amalume, mlongo wawo wa amayi, dalaivala wopuma ntchito, anabwera ndi anzawo awiri kudzakhala amuna osewera makhadi patebulo. Anauzidwa kuti angoyerekeza, koma iwo anayamba kusewera zenizeni, ndipo chithunzi chinatuluka bwino kwambiri chifukwa mkangano wake unali weniweni.

Amayi ankaonerera zonsezi ali pakhonde, ndodo ili pambali, chitseko cha galaja chili pululu. Ankaseka nawo, kansalu kali pakamwa. Koma chimene ankayang'anitsitsa si hatchi ya bulangete ayi. Ankaona momwe mwana wawo ankamuyandikirira wowotcherera, kumugwira chibwano ndi zala ziwiri, kumutembenuza pang'ono, kumuyang'ana m'maso mpaka bambo wamkuluyo kuchita manyazi. “Musathawitse maso, bambo, ndikuwafuna,” ankatero. Munthu wamkulu n'kuchitira nsanje wowotcherera wa mano operewera? Amayi anachita nsanje, ndipo sanadzinamize kuti ndi china.

Kupempha okha kuti ajambulidwe sakanatha, chifukwa kunyada kwawo kokha kunali kusanafe ziwalo. Anangofunsa mlongo wawo tsiku lina akuwathandiza kutsika sitepe.

“Achimwene, m'buku muja mulibe nkhalamba?”

“Zilimo zambiri, achemwali,” anatero amalume. “Ina ili ndi mphuno ngati mbatata. Ndikakuneneleni?”

“Pakamwa panupo mudzafa napo.”

Kaya amalume anakamutsina khutu, kaya mwanayo anali nazo kale m'mutu, sitidziwa. Koma patapita masiku anabwera pakhonde ndi chibuku chija n'kuchitsegula pamiyendo ya amayi ake.

“Amayi,” anatero akuyang'ana masilipasi awo, “chatsala chimodzi. Ndimati mwina mungandithandize. Mukakana palibe vuto.”

Chinali chithunzi chimene ngakhale amayi ankachidziwa, chifukwa chaka china chinali pakalendala ya pasaluni: mayi wachikulire atakhala pampando m'chipinda cha mdima, nsalu yoyera kumutu, shawelo yakuda paphewa, ndimu lili m'dzanja pamiyendo. Kuwala kochokera pawindo losaoneka kunkagwera patsaya lake. Sankaseka, sankalira, anangokhala phee, munthu amene wamaliza ntchito zonse za tsikulo ndipo palibe akumuitana. Chaka chonse chija amayi ankangomudutsa ndi maso pofuna kuona deti. Tsopano m'pamene anaganiza kuti mayiyu, kaya anali yani, anakhala pampandopo masiku ndi masiku munthu wina akumuyang'ana, khwinya lililonse, mpaka penti kuuma. Anamusirira.

“Ndiye ndizingokhala?” anafunsa, akudzikoka dala. “Ndigwire ndimu basi?”

“Basi.”

“Chabwino. Poti kukhala ndiye ntchito yanga masiku ano.”

Anayankha mozizira choncho, koma mtima unali ukuvina. Mumtima anati m'galaja muja sangandithawe. Pilo mulibe, kapu mulibe. Ntchito yake yomwe imukakamiza. Adzandigwira chibwano monga anachitira ndi wowotcherera, adzanena kuti musathawitse maso. Chimwemwe chimenecho chinawaiwalitsa kudzifunsa chifukwa chake mwa zithunzi zonse za m'buku lija mwana wawo anasankha ichi.

Anagwirizana zojambula m'mawa, chifukwa kuwala kwa pawindo la galaja kumakhala kofewa dzuwa lisanakwere. Amayi analawirira kudzuka, anadzola mafuta, n'kuwabweza amalume ndi shawelo kuti akaisitenso. M'galaja munali mutasintha. Makoma anakutidwa ndi nsalu zakuda, windo linatchingidwa ndi makatoni kungosiya kampata, ndipo pakati panali mpando wawo wa pasaluni utafundidwa chinsalu chabulauni kuti zitsulo zisaoneke. Moyo wawo wonse anaima kumbuyo kwa mpandowu, moti kukhalapo kunawachititsa chilendo.

Mwanayo anawafunditsa nsalu yoyera ataima kumbuyo kwawo. Shawelo anaikoka mpaka kuphimba mkono wonse wamanzere. Ndimu analiika m'dzanja lamanja. Kenako anapopa mpando ndi phazi n'kuuzunguza pang'ono, pang'ononso, mpaka amayi anayang'ana kukhoma, windo ndi kamera zili mbali yawo yamanja. Amalume anapatsidwa bolodi loyera loti azibwezera kuwala, n'kuuzidwa kuti asamapume mokweza.

Amayi anadikira zala ziwiri zija pachibwano. Sizinabwere. Mwanayo anakakhala pakasitulu kuseri kwa laputopu yolumikizidwa ku kamera ndi chingwe. Njira imeneyi amayi ankaidziwa, anaiona kwa ena: pasikirini ankaika chithunzi cha penti chija mopyapyala, choonekera, pamwamba pa munthu wamoyo, kuti aone ngati phewa lagwera paphewa, mphuno pamphuno. Koma kwa enawo ankachita zimenezi kumapeto, atamaliza kale kumuumba munthu ndi manja ndi maso. Kwa amayi ake anayambira pomwepo, n'kukhazikika pomwepo.

“Chibwano mutsitse pang'ono, amayi. Pang'ononso. Eya. Phewa libwerere m'mbuyo. Amalume, bolodi likwere.”

“Mkono ukuwawa, iwe,” anadandaula amalume.

“Pirirani. Amayi, muziyang'ana pamene pali msomali pakhomapo. Musasunthe.”

Kamera inalira kangapo. Amayi anayang'ana msomali. Ndipo ali chiyang'anire msomaliwo m'pamene anazindikira kumene kuwala kunkagwera. Tsaya lamanja linkafunda ndi kadzuwa ka pawindo. Lamanzere linali kumdima. Mkono wakufa unali pansi pa shawelo, diso lolira linali kuseri kwa mphuno. Chilichonse chimene sitiroko inakhudza chinali chitapezeredwa pobisala, ndipo kuchenjera kwake, palibe akanati mwana wabisa amayi ake. Anthu akanangoti chithunzi cha m'buku chili choncho.

Mtima unawawa. Kani mwanayu anavundukula masamba onse a chibuku chija kusaka mayi wa theka la nkhope! Anachita zimenezo chifukwa cha chikondi, amayi sanakayike, ndipo n'chifukwa chake zinalasa kwambiri.

“Zatheka!” anatero mwanayo, mawu ake akumveka kupepukidwa. “Amalume, bwerani mudzaone. Zafanana ndendende.”

Amalume anatsitsa bolodi n'kukasuzumira. “Aa! Achemwali, mwabwereratu mwakale! Apa ndi inu enieni a pasaluni. Munthu sangadziwe n'komwe kuti...” Anaimira pomwepo, n'kuyamba kutsokomola chifuwa chimene analibe.

“Kuti chiyani, achimwene?”

“Kuti... kuti ndimulo ndi ladzana.”

Amayi sanaseke. Anatsitsa phazi lamanja, lamoyo lija, n'kuponda pansi. Mpando wa pasaluni umamvera phazi limodzi, ndipo palibe ankaudziwa kuposa iwo. Anakankha. Mpando unalira, chinsalu chabulauni chinakokeka, khoma ndi msomali wake zinadutsa, kamera inadutsa pamaso pawo, mpaka anayang'ana khoma linalo. Kuwala kwa pawindo kunagwera patsaya lamanzere. Ndi dzanja logwira ndimu lomwelo anakankha shawelo, mkono wopindika uja n'kutulukira poyera.

“Jambula,” anatero.

“Amayi, tamaliza kale. Mwatopa, tiyeni mukapume.”

“Sindinatope. Jambula mbali ino.”

“Sizigwirizana ndi chithunzi chija,” anatero mwanayo, akulankhula ndi laputopu. “Mayi uja akuyang'ana uku, inu mwayang'ana uko.”

“Wowotcherera uja ndi wamanzere. Lupanga anagwirira kumanzere, iwe n'kumutembenuza pakompyuta pakopo tonse tikuona. Ine ndiye wakanika kunditembenuza?”

Amalume anayang'ana uku ndi uku. “Geti lija ngati sindinatseke,” anatero, n'kutsamiritsa bolodi kukhoma, ulendo. Geti linali lotseka, aliyense ankadziwa.

Pasikirini zinthu zinali zitasokonekera: mayi wa penti akuyang'ana kwina, mayi wamoyo kwina, nkhope ziwiri zitapingasana moti palibe imene inkaoneka bwino. Mwanayo ankayang'anabe pomwepo.

“Mwana wanga,” anatero amayi, akutulutsa mawu amodziamodzi kuti asaterereke, “kodi ndikununkha?”

“Amayi!”

“Nanga ndikuopsa? Ndiuze, ndine wamkulu. Paja amati ukaipa dziwa nyimbo, koma ine ndi pakamwa pangapa ngakhale nyimboyo siikutuluka. Ndiye ndichite chiyani kuti undiyang'ane?”

“Ndimakuyang'anani tsiku lililonse.”

“Umayang'ana khutu langa. Khutu limeneli ukulidziwa, ukhoza kulijambula utatsinzina. Wamasamba uja unamuyang'ana mpaka kumuwerenga nsidze. Ine amene ndinakubereka wandisakira buku lonse kuti upeze pondibisa.”

Mwanayo anatseka laputopu pang'onopang'ono. Anakhala manja ali pamwamba pake, mutu uli pansi. Atayamba kulankhula, mawu ake sanali ofewa aja a kuchipinda kwa wodwala. Anali okhakhala, a munthu amene wapanikizidwa.

“Ababa atamwalira ndinawaona m'bokosi kamodzi kokha. Kamodzi, amayi, ndipo sindinachedwepo. Koma mpaka lero ndikati ndiwakumbukire, imabwera ndi nkhope imeneyo. Zithunzi zawo ndili nazo zambirimbiri, akuseka, akuvina, koma ndikatsinzina imabwera ya m'bokosi. Maso angawa ndi oipa. Akagwira chinthu satayanso, ndipo chatsopano chimafufuta chakale. Nkhope yanu ija ndikadali nayo m'mutu, ija ya pagalasi la pasaluni, mukuseka chipeso mutaluma pakamwa. Ndikayang'ana iyi, ija ipita. Sindikufuna ipite.”

Amayi anagwidwa chisoni, chifukwa anali asanaganizepo kuti kuthawitsa maso kuja kunali kusunga chinthu. Iwo ankayesa ndi kunyansidwa. Koma chisonicho chinabwera ndi ukali wake.

“Ndiye iwe ukukhala pamaliro a munthu amene sanafe? Abambo ako analibe nkhope ina yoti akupatse, anali atapita. Ine ndili pano. Ndimadzuka ndi nkhope iyi, ndimadya nayo, ndimakudikira nayo ukachedwa kubwera. Mayi woluma chipeso uja sakudikira iwe, sadziwa n'komwe ngati wadya kapena ayi. Amene amakudikira ndi uyu.” Anadzigogoda patsaya lamanzere ndi ndimu lija. “Ija ikafuna kupita, ipite. Inakhala nthawi yake.”

Dovu linatsika pakona ya mlomo, monga linkachitira akalankhula nthawi yaitali. Kansalu kawo anali atakaiwala pakhonde. Analisiya kuti litsike.

Mwanayo anaimirira. Anazula chingwe ku kamera, anazungulira miyendo itatu imene kamerayo inaimikidwapo, n'kudzagwada patsogolo pa mpando. Maso ake anayambira pa ndimu, anakwera pashawelo, anaima pakhosi nthawi yaitali moti amayi anati basi, athera pomwepo. Kenako anakwera.

Amayi anali ataiwala kulemera kwa maso amenewo. Sanali maso achifundo ayi, chifundo anali atakhuta nacho. Anali maso ofuna kudziwa, oyenda pang'onopang'ono pachipumi, pachikope chogwa, pamsozi, pamzere umene unatsika kuchoka pamphuno kukafika pakona ya mlomo. Misozi ya mwanayo inatsika, koma sanacheukire kumbali. Anapukuta dovu lija ndi chala chake chachikulu n'kupukutira pajinzi yake, osaliyang'ana n'komwe.

“Nsidze iyi yatsika kuposa inzake,” anatero pomaliza, akukoka mamina. “Ndipo muli ndi imvi zatsopano apa. Simunandiuze.”

“Ukanaziona ukanamabwera mbali ino.”

Anaseka onse awiri, kuseka kwa m'misozi. Ndiye ntchito inayamba, yeniyeni tsopano. Popeza zonse zinali zitatembenuka, ndimu linayenera kupita kudzanja lamanzere. Mwanayo anatenga zala zopindika zija, kuziwongola chimodzichimodzi monga amachitira a mafizo, n'kulowetsa ndimu, zalazo n'kulitsekera zokha mwamphamvu kuposa momwe dzanja lamoyo likanachitira. Shawelo anaisamutsira mbali inayo. Anawagwira chibwano, kuwatembenuza, kubwerera m'mbuyo, kubweranso. Kenako anafuulira amalume kuti geti latsekeka mokwanira, abwere adzagwire bolodi. Amalume analowa monyang'ama, ndipo ataona maso ofiira a anthu awiriwo anakweza bolodi osatchulanso za mkono.

“Msoziwo ndiupukute?” anafunsa amalume monong'ona.

“Usiyeni, amalume,” anatero mwanayo, diso lili pakamera. “Ukugwira bwino kuwala. Amayi, musayese kuwongola pakamwa, ndikukuonanitu. Palekeni pakhale momwe pakufunira.”

Amayi anapaleka. Chiyambireni matendawa, aka kanali koyamba kukhala pamaso pa munthu osalimbana ndi nkhope yawo kuti iime bwino. Kamera inalira, inaliranso. Kadzuwa kanasuntha pang'ono, mwanayo anasuntha nako, mpaka anawongoka n'kupumira m'mwamba.

Analumikizanso chingwe, anasankha chithunzi chimodzi, n'kukhala duu akuchiyang'ana. Amalume anasuzumira paphewa pake n'kugwedeza mutu. Mwanayo ananyamula laputopu n'kubwera nayo kumpando.

“Onani, amayi.”

“Chili bwino,” anatero amayi msangamsanga. “Wagwira ntchito. Achimwene, tandipatsirani ndodo yanga.”

“Simunaone.”

“Ndaona. Chakongola.”

“Mukuyang'ana mabatani a malaya a amalume.”

Zinali zoona. Panalinso china choona chimene mwanayo anangochizindikira pomwepo, popeza tsopano ankawayang'ana. Tsiku lina kuchipatala namwino anawabweretsera kagalasi, iwo n'kuona kamphindi kochepa chabe n'kukakankha. Kuyambira pamenepo, mayi amene anakhala moyo wake wonse pakati pa magalasi sanadziyang'anenso. Mpango ankamanga mongopapasa. Podutsa pagalasi la kubafa ankayang'ana sopo. Miyezi yonseyi ankafuna kuti mwana wawo achite chimene iwo eni chinawakanika, ndipo manyazi anawagwira.

“Ndikuopa,” anatero. Sanazungulire.

“Ndikudziwa,” anatero mwanayo. Anaika laputopu pamiyendo yawo, pafupi ndi dzanja logwira ndimu, n'kugwada pambali pa mpando, tsaya lake litatsamira phewa lawo lamanzere. “Ine ndayang'ana, amayi, ndipo sindinafe. Tiyeni tiyang'ane limodzi.”

Amayi anatsitsa maso.

Pasikirini panali mayi wachikulire m'chipinda cha mdima, nsalu yoyera kumutu. Pakamwa pake panapendekeka, diso lina linali lolemera, ndipo pansi pake panali kadontho kowala. Dzanja lake linafumbata ndimu ngati wina akufuna kumulanda. Sanali wokongola monga wa pakalendala uja, komanso sanali chilombo chimene amayi ankaopa kukumana nacho kubafa. Anali munthu wotopa, waukali pang'ono, amene sanamalize ntchito zake ndipo alibe maganizo ochoka. Amayi anamuyang'ana nthawi yaitali.

“Pakamwapa,” anatero pomaliza, akuloza ndi chala. “Takulitsa ndione bwino.”

Mwanayo anakulitsa.